Thonje m'Nsapato za pa Ayezi

Bambo anga akamapita ku Blantyre kukatigulira nsapato sankatenga mwana, ankatenga bango. Ankatiimika pakhonde mmodzimmodzi, n'kugoneka kabango m'mbali mwa phazi kuchokera kuchidendene mpaka kuchala chachikulu, kenako n'kuika zala zawo ziwiri kutsogolo kwa chalacho, n'kudula pamenepo. Zala zawo sizinali zazing'ono ayi, anali kalipentala. Nsapato zikafika, phazi linkasambira m'katimo, ndipo mayi ankafwinya nyuzipepala n'kuikankhira kutsogolo. Ukadandaula, yankho linali limodzi: "Ukulira momwemo." Tinkakuliradi momwemo, ngakhale kuti nthawi zambiri pofika poti nsapato yakukwana inali itayamba kale kuyasamula kutsogolo.

Nzeru imeneyi ndinabwera nayo kuno ku London pamodzi ndi zitenje zanga, ndipo palibe anandilanda pabwalo la ndege. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Lewisham, ndipo ndimakhala m'fulati ku Thamesmead, kumene ukafuna kupita kulikonse uyambe wadikira basi. Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, wobadwira konkuno. Chichewa amamva chonse, makamaka ndikamakalipa, koma amayankha m'Chingerezi. Chiyambire ali khanda sindinamugulirepo chinthu chomukwana tsiku lomwelo. Jekete ndinkapinda manja, siketi ndinkapinda m'chiuno, ndipo nsapato iliyonse ndinkayamba ndadina kutsogolo ndi chala chamanthu kuti ndimve ngati mwatsala malo.

Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mnzake wa kusukulu anamuitanira ku phwando la tsiku lobadwa limene linachitikira ku bwalo la ayezi. Ndi chinyumba chachikulu chozizira ngati m'firiji, pansi pake ponse madzi oundana, ndipo anthu amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi n'kumatsetsereka mozungulira. Ine ndinaona ngati masewera a anthu amene sanathyokepo mwendo. Koma mwanayo atabwerako sanalankhule za keke, sanalankhule za anzake, nkhani inali ayezi basi. Anatsetsereka ndi masokosi kukhitchini sabata yonse mpaka ndinagonja n'kukamulembetsa.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse m'mawa tinkakwera basi, kenako sitima, kenako basi ina. Ine ndinkakhala pabenchi ndi fulasiki ya tiyi, nditavala majekete awiri, n'kumamuonerera. Mwana wanga ndi wamanyazi, kutchalitchi amabisala kumbuyo kwanga anthu akamamupatsa moni. Koma akaponda pa ayezi ankawongoka khosi, manja n'kutambasuka, nkhope n'kumasuka. Ndinali ndisanamuonepo akukonda chinthu chotero, ndipo ndinkachita kumva kukoma mumtima ngakhale mapazi anga atachita dzanzi ndi kuzizira.

Chaka chonse choyamba ankavala nsapato zobwereka pabwalo pomwepo. Kenako mphunzitsi wake, mayi wamfupi wa mawu aakulu, anandiuza kuti mwanayo wayamba kuphunzira kudumpha ndi kuzungulira pa mwendo umodzi, ndiye akufunika nsapato zakezake, chifukwa m'mwezi wa Malichi kuli mayeso okwerera gulu lina. Anayamba kufotokoza za sitolo ina kumene amayeza phazi, koma ine ndinangogwedeza mutu, maganizo ali kale patsogolo. Kuyeza phazi ndiye chiyani? Ine mwana wa kalipentala?

Ndinafuna kuti ikhale mphatso ya Khirisimasi, choncho mwanayo sindinamutenge. Ali kusukulu ndinatenga ulusi n'kuyeza nsapato yake ya kutchalitchi, osakumbuka kuti nsapato imeneyonso ndinaigula ndi malo okuliramo. Pamwamba pa malo amenewo ndinawonjezera zala zanga ziwiri, n'kudula ulusi. Kusitolo yaikulu ya zamasewera, mayi wogulitsa anandifunsa ngati mwiniwake abwera kudzayesa. Ndinamuyankha kuti phazi la mwana wanga ndimalidziwa, ndinam'bala ndine. Anangokweza mapewa n'kundipatsa bokosi. Paja amati safunsa anadya phula.

Zinali zoyera mbee, zachikopa cholimba, zitsulo zake zikung'anima. Mwanayo atatsegula bokosi anakuwa mpaka a fulati yapansi anagogoda denga lawo. Ataziyesa ndinaona ndithu kuti phazi lalowa mosavuta kwambiri, koma zimenezo ndinali nditakonzekera. Ine wa ku London sindikanaika nyuzipepala ngati kumudzi. Ndinali nditagula thonje labwino la ku famase, ndipo ndinalikankhira kutsogolo bwinobwino. Ndinamuvekanso masokosi awiri a ubweya phazi lililonse, poti pa ayezi pamazizira.

Masana a tsiku lomwelo tinaimbira bambo anga kumudzi pa foni ya kanema. Ndinanyamula nsapatozo m'mwamba kuti azione.

"Izi zimutha zaka zitatu, bambo," ndinatero. "Ndasiya malo okwanira."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ameneyo ndiye mwana wanga. Ndidyeretu chire anasowa mbewu."

Mwanayo anali ataima pambali panga, akumwetulira agogo ake, akumva zonse.

Mu Januwale anayamba kugwa. Kugwa pa ayezi si nkhani, onse amagwa, koma uku kunali kugwa kwina. Ankagwa pa zinthu zimene ankazichita bwino ndi nsapato zobwereka zija. Akakolo ake ankapindikira m'kati, ndipo akafuna kudumpha ankayamba wazengereza ngati munthu wowoloka mtsinje pa mtengo. Ndinaganiza kuti vuto ndi zingwe, ndiye ndinkagwada pansi n'kuzikoka mpaka zala zanga kuchita mizere. Ndinamuuza kuti nsapato yatsopano imaluma, izolowera. Zitapitirira ndinayamba kupsa mtima. Ndimadzidziwa, mtima wanga ndi wapachala. M'basi pobwerera ndinkamuwerengera zonse: kuti ndadzuka m'mamawa pa tsiku langa lopuma, kuti ndakhala maola awiri m'firiji, kuti iye akungoyang'ana anzake m'malo moikirapo mtima. Iye ankangoyang'ana pawindo.

Tsiku lina mphunzitsi uja anandikodola kuti tilankhule, koma tsiku limenelo anali atandipatsa shifiti ya masana ndipo basi inali pafupi kunyamuka. Ndinamuuza kuti tidzakambirana sabata yamawa. Sabata yamawayo anali ndi gulu lina la ana, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti uthengawo anapatsira mwanayo kuti adzandiuze. Uthengawo sunafike.

Kutatsala masabata atatu kuti mayeso achitike, tili m'basi yomaliza ya ulendo wathu, yosanjikizana, titakhala pamwamba, tikudutsa cha ku Greenwich, mwanayo analankhula osandiyang'ana.

"I don't want to skate any more, Mum."

"Wati chiyani?"

Anabwereza kuti sakufunanso, zamutopetsa.

Ndinakalipa m'Chichewa, mokweza, moti bambo wina amene anakhala kutsogolo kwathu anasamukira pansi. Ndinati ana obadwira kuno ndi otero, chinthu akachifuna lero mawa achitaya. Ndinati ine pa msinkhu wake ndinkayenda mtunda wautali kupita kusukulu osadandaula. Ndinati nsapato zatsopanozo ndiye azivala ndani, ine? Misozi inkangotsika, iye osaipukuta, ndipo ine ndinaitenga ngati misozi ya mwana wouma mutu.

Mawa lake titabwera kutchalitchi ndinayamba kuchapa. Ndikuvula pilo wake nsalu, munagwa masokosi anayi a ubweya aja, atakulungidwa pamodzi. Ndinawatambasula. Kuchidendene kwa lililonse kunali kouma gwa, kwakuda ndi magazi akale, ndipo pamwamba pa akalewo panali ena atsopano.

Ndinakhala pabedi lake, masokosi ali m'manja. Ntchito yanga tsiku ndi tsiku ndi kuyang'ana zidendene za anthu. M'mawa uliwonse ndimavundukula bulangete la gogo wina wa eni ake, n'kunyamula phazi lake, n'kuyang'ana ngati penapake pafiira, chifukwa chilonda cha munthu wogonera chimayambira pamenepo. Kadontho kofiira kokha ndimathamanga kukaitana nesi. Anzanga kuntchito amandiseka kuti ndili ndi maso a kabawi. Koma mapazi a mwana wanga, amene amagona chipinda choyandikana ndi changa, ndinali ndisanawaone miyezi iwiri. Anali atayamba kusamba yekha, kuvala yekha, ndipo m'nyumba ankayenda ndi masokosi nthawi zonse. Ine ndinkati ndi chisanu.

Ndinamuitana n'kumukhazika pampando. Sanafune kuvula, ndinamuvula ndine. Zidendene zonse ziwiri zinali zosupuka, matuza ataphulika n'kutulukanso ena pomwepo. Anali atamatapo mapulasitala mokhotakhota, amene ankaba m'kabokosi ka mankhwala kubafa. Chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitada.

"Bwanji sunandiuze?"

Anati, motsitsa, "You told agogo three years."

Anapitiriza m'Chingerezi chakecho, akusisima. Anati ankadziwa kuti nsapatozo n'zazikulu, phazi linkathamanga m'katimo, ndipo kuti lisathamange ankapinda zala n'kugwira pansi. Mphunzitsi anamuuza kawiri kuti andiuze. Koma iye anaona mmene ndinasangalalira pa foni paja, ndiye anaganiza zopirira mpaka phazi litakula. Ankaliyeza ndi rula ya kusukulu Lamlungu lililonse. Litakana kukula, anaona kuti kusiya masewerawo n'kwapafupi kusiyana ndi kundiuza kuti ndinalakwitsa.

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo. Ndinatenthetsa madzi, ndinathiramo mchere, ndinagwada n'kutsuka mapaziwo mmene ndimatsukira a okalamba anga, pang'onopang'ono. Nditamaliza ndinamuuza kuti ndalakwa ndine. Kwathu kholo silinena mawu amenewo kwa mwana, ndipo anatuluka movuta ngati ndikumeza mankhwala owawa. Ndinamuuzanso kuti ngati akufunadi kusiya, asiye, koma ayambe wapola, ndipo tikaonane kaye ndi munthu woyeza uja. Anangoti, "Okay," osalonjeza kanthu.

Sitoloyo inali yaing'ono, kuseri kwa bwalo la ayezi, yonunkha chikopa ndi guluu. Mwini wake anali bambo wachikulire wa magalasi olendewera pachingwe, wosafulumira pa chilichonse. Ndinaika nsapato zoyera zija patebulo. Analowetsa dzanja m'kati, n'kutulutsa thonje langa, lophwatalala, lakuda ndi thukuta. Analiika patebulo osanena kanthu, n'kulowetsanso dzanja mu inzakeyo, n'kutulutsa linanso. Ndikanakonda akanandikalipira.

Kenako anasolola kachikopa kopondapo ka m'kati mwa nsapato n'kundionetsa. Phazi la mwanayo linali litadindika pamenepo. Zala zinkathera kutali ndi nsonga, ndipo pamene zinkathera panali timaenje tisanu, pomwe ankakanda pofuna kugwira. Anamuveka nsapato imodzi osamanga zingwe, n'kumuuza kuti akankhire phazi kutsogolo mpaka zala zigunde. Kuseri kwa chidendene kunatsala mpata, ndipo bamboyo analowetsamo zala zake ziwiri, zinalowa bwinobwino. Anati pamenepo pamayenera kulowa pensulo yokha, mwinanso movutikira.

Atatero anaimika mwanayo papepala, wopanda sokosi, n'kujambula phazi lililonse palokha ndi pensulo. Anayeza kutalika, anayeza kufalikira kwake pa zala, anayezanso kuzungulira chidendene. Anati phazi lamanzere ndi lalitaliko pang'ono, ndipo mwanayo ali ndi chidendene chopyapyala koma kutsogolo kotambalala, ndiye si nsapato iliyonse ya saizi yake ingamukhale. Ine ndinaima pambali ndikuganiza za bango la bambo anga. Ntchito yake inali yomweyi, kungoti bambo uyu atafika pa chala chachikulu anaima pomwepo.

Anatulutsa mabokosi atatu. Masokosi a ubweya anawakana, anapereka kasokosi kopyapyala ngati ka pa ukwati. Nsapato yoyamba inafinya zala, yachiwiri chidendene chinkanyamuka. Yachitatu mwanayo analowetsa phazi movutikira, bamboyo n'kumuuza kuti agunditse chidendene pansi kuti chikhazikike kumbuyo, kenako anamanga zingwe, mothina pa kakolo, momasukirako pamwamba. Anamuuza kuti aime, apinde mawondo, agwedeze zala. Zala zinkagwedezeka koma phazi silinkasuntha.

Ine dzanja linapita lokha. Ndinawerama n'kudina kutsogolo kwa nsapatoyo ndi chala chamanthu. Kunali kolimba ngati mwala, sindinamve kanthu.

"Nanga akakula?" ndinafunsa, ndipo mawu anga anatuluka aukali kuposa mmene ndinafunira.

"Akakula mudzabweranso," anayankha bamboyo. Anafotokoza kuti munthu akaima pa kachitsulo kopyapyala chotero, nsapato iyenera kukhala ngati mbali ya mwendo wake. Phazi likasuntha m'kati ngakhale pang'ono, chitsulo chimapita kwina, mwana kwina. Anati mwina zimutha chaka, mwina osafika.

Chaka, mwina osafika! M'mutu mwanga munayamba kulankhula bambo anga, mayi anga, ndi azakhali onse a kwathu. Koma mwanayo anali ataimirira pakalipeti, akakolo ali chilili kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri, akuyang'ana nkhope yanga m'malo moyang'ana nsapato. Ndinati tizitenga. Bamboyo anazilowetsa mu kauvuni kakang'ono kuti chikopa chifewe, kenako anamuveka zili zofunda kuti ziumbike motsata phazi lake. Ndinaseka ndekha kuti ndafika dziko lophika nsapato.

Tikudikira kuti zizizire, mwanayo anauza bamboyo kuti ayezenso amayi ake. Ndinakana, koma awiriwo anagwirizana, ndipo ndinapezeka ndavula nsapato zanga za kuntchito n'kuima papepala. Bamboyo anayeza, anasuzumira m'nsapato yangayo, n'kuvula magalasi. Anati ndimavala saizi seveni pamene phazi langa ndi faifi ndi theka. Analoza zikundu zolimba pamwamba pa zala zanga, zimene ndinkati ndi za kuimirira kuntchito, n'kunena kuti zimabwera munthu akamapinda zala kuti nsapato isavuke. Ndinasiya kukula kalekale, koma ndinali ndikugulabe nsapato zoti ndikuliremo. Mwanayo anaseka mpaka kugwira pamimba, ndipo kanali koyamba kumumva akuseka chichokereni Khirisimasi.

Mayeso a Malichi sanalowe nawo. Mphunzitsi anati zilonda zipole kaye, ndipo mwanayo aiwale chizolowezi chopinda zala, chimene chinamutengera nthawi yaitali kuposa zilondazo. Anzake anakwera gulu lina n'kumusiya, ndipo zimenezo zinamupweteka, sindingabise. Loweruka loyamba kubwerera anaima pakhomo la ayezi nthawi yaitali atagwira chitsulo cha m'mbali. Ine pabenchi ndinaiwala kuthira tiyi. Kenako anaponda, anatsetsereka pang'ono, anazungulira bwalo lonse kamodzi, ndipo pobwera kachiwiri khosi lija linali litawongoka.

Nkhaniyi ndinawafotokozera bambo anga pa foni, ndikuyesa kuisandutsa nthabwala, kuti nzeru zawo za bango zandichititsa manyazi kwa azungu. Sanaseke.

"Ndinkakuona ukukoka mapazi popita kusukulu," anatero. "Ndinkadziwa kuti zikukupweteka. Koma sindinkadziwa ngati chaka chinacho ndidzathe kupitanso ku Blantyre. Iweyo ukudziwa kuti udzapita. Ndiye zala ziwirizo unkawonjezera za chiyani?"



Nsapato zazikulu zija zidakali pamwamba pa wadiropu. Zovala zonse zimene mwanayo wasiya ndimaziika m'chikwama chotumiza kumudzi, koma izi ndingatumizire ndani ku Ntcheu? Bambo wa sitolo uja anati zinapindika molakwika pa kakolo, sizidzamuthandizanso ngakhale phazi litafika. Ndimadziwa kuti ananena zoona. Kungoti dzanja langa limakana kuzitaya.

Mayeso analowa m'chilimwe cha kuno, pakati pa chaka, ndipo anakhoza. Mu Novembala, miyezi isanu ndi itatu chigulireni nsapato zophika zija, tinali pabenchi pabwalo la ayezi, iye akumasula zingwe, ine ndikutseka fulasiki. Ndinaona kuti akuchedwa dala. Anavula imodzi, anaigwira m'manja, anayang'ana pansi, kenako anandiyang'ana m'maso. Analankhula m'Chichewa, chinthu chimene sachita pokhapokha akafuna kuti ndimve ndi mtima wonse, mawu ake akupotoka ngati a mzungu wa ku mishoni.

"Amayi, zathina."

Ananena n'kudikira, mapewa atakwera pang'ono, ngati munthu amene akuyembekezera kuti mvula igwa. Ndinamuvula sokosi pomwepo pamaso pa anthu n'kuyang'ana chidendene, kenako chinacho. Panalibe chilonda, kungofiira pang'ono pa chala chachikulu.

"Zayamba liti?"

"Lero."

"Wachita bwino," ndinatero. "Vala jekete, sitolo isanatseke."